Madzi a masiku atatu m'nyumba ya matayala

M'bandakucha uliwonse, galimoto zisadayambe kulindima pamsewu wa Marlboro Drive, bambo wina wochokera ku Thyolo amagwada pambali pa nyumba yake ndi kugogoda kunsi kwake ndi chala. Kukamveka kulira kogonthera, amadziwa kuti thanki njodzadza. Ikalira ngati ng'oma, amadziwa kuti tsiku limenelo aliyense asambira m'kabeseni. Nyumbayo ili ndi matayala anayi. Ndi galimoto yakale ya mtundu uja umene anthu opeza bwino a ku South Africa amapita nawo kunyanja kapena kumalo osungirako nyama zakutchire, yokhala ndi bedi, kabati, mbaula ya gasi ndi kasinki m'kati mwake. Eni ake oyamba ankagonamo masabata awiri okha pachaka. Kwa bamboyu, mkazi wake ndi ana awo awiri, pamenepa ndiye pakhomo chaka chonse.

Marlboro ndi dera la kumpoto chakummawa kwa Johannesburg, mzinda umene Amalawi amangouti Joni. Kummwera kwake kuli Alexandra, komboni yakale imene idayamba mu 1912, ndipo kumadzulo, kutsidya kwa msewu waukulu wa M1, kuli nyumba zazitali za Sandton. Mbali ina ya Marlboro ndi ya nyumba zabwino, ndipo kuyambira mu 2010 kuli siteshoni ya sitima yothamanga ya Gautrain. Mbali imene yayandikana ndi Alexandra ndi ya mafakitale ndi nyumba zosungiramo katundu. Zambiri mwa izo eni ake adazisiya kalekale, ndipo anthu osowa pokhala adalowamo ndi kugawa zipinda ndi matabwa komanso malata.

Bamboyu, amene ntchito yake ndi yowotcherera zitsulo za mageti ndi mawindo, adafika m'derali mu 2006. Mu Meyi 2008, pamene zipolowe zothamangitsa anthu a m'mayiko ena zidabuka ku Alexandra ndi kufalikira m'dziko lonse mpaka kupha anthu 62, adagona masiku angapo pabwalo la polisi, ndipo pobwerera adapeza m'chipinda mwake muli mbee. Mu 2012, pamene zisakasa zambiri za ku Marlboro zidagwetsedwa, yake idali imodzi mwa izo. Zitatero adatsimikiza mumtima kuti nyumba yake yotsatira idzakhala yoti akhoza kuiliza ndi kuchoka nayo. Adasunga ndalama zaka zinayi, ndipo mu 2016 adagula galimotoyi injini yake ili yakufa. Adaikonza pang'onopang'ono, ndipo mwini wa malo ena okonzerapo makina adamulola kuiimika kuseri kwa mpanda, malinga azilondera usiku.

Pansi pa galimotoyo padali thanki ya malita 60. Kwa anthu opita kokasangalala, amene amapeza mpope paliponse pamene aima, madzi amenewo ngokwanira. Banja la anthu anayi nalonso silidaone vuto m'zaka zoyamba, popeza mpope wa pabwalo udali pafupi. Vuto lidaoneka pamene mpopewo udayamba kumauma.

Johannesburg ndi mzinda umene udamangidwa kaamba ka golide amene adapezeka mu 1886, ndipo uli pamtunda, kutali ndi mtsinje waukulu uliwonse. Kamtsinje ka Jukskei, kamene kamadutsa ku Alexandra, nkoipa ndi zonyansa moti palibe angamweko. Madzi a m'mipope amachokera ku damu la Vaal, limene limathandizidwa ndi madamu a m'mapiri a ku Lesotho monga Katse. Bungwe la Rand Water limawayeretsa ndi kuwapopa mokwera mtunda ulendo wa makilomita ochuluka, ndipo bungwe la Johannesburg Water ndilo limawagawa m'makomo. Magetsi akazima pamalo opopera, matanki a mzinda amaphwa. Mapaipi ambiri ngakale, ndipo malipoti a mu 2023 adasonyeza kuti madzi oposa magawo anayi mwa khumi a mumzindawu sankabweretsa ndalama, ena atatayika m'mapaipi odontha, ena atagwiritsidwa ntchito popanda kulipiridwa. Mu Juni ndi Julayi 2024 padali ntchito yaikulu yokonza makina opopera, ndipo madera ambiri adakhala masiku angapo madzi akubwera mochepa kapena osabwera konse.

Mpope ukauma, amene amavutika kwambiri ndi mayi wa pakhomo. Mkazi wa bamboyu amagwira maganyu ochapa ndi kusita m'nyumba za ku Sandton, ndipo tsiku lililonse limene adaima pamzere kudikira galimoto yogawa madzi lidali tsiku lopanda malipiro. Malita 60 aja ankatha dzuwa lisadalowe. Choncho bamboyu adaganiza monga momwe aliyense akadaganizira: chidebe chikachepa, peza chachikulu.

Adapita kwa ogulitsa zinthu zakale ndi kugula migolo iwiri yapulasitiki ya malita 210 uliwonse. Wogulitsayo adalumbira kuti mudali madzi a zipatso. Bamboyu adawotcherera zitsulo padenga la galimoto ndi kugonekapo mgolo umodzi kuti madzi azitsika okha kupita kusinki. Winawo adauika kukhomo lakumbuyo ndi kuudula pamwamba kuti kutunga kusavute. Madzulo ake adauza mkazi wake monyadira kuti, "Mayi a ana, za pamzere zija zatha."

Tsiku loyamba limene adapita kukadzadza migoloyo kwa mnzake wa kudera lina, adabwerera akutuluka thukuta ngakhale kuti kudali chisanu cha Julayi. Kumbuyo kwa galimoto kudatitimira, chiwongolero chidapepuka, ndipo mabuleki ankagwira mochedwa. Pokhota pamphambano ina, madzi a padenga adakhuthukira mbali imodzi ndipo galimoto idapendekeka mpaka ziwiya zonse za m'kabati zidagwa. Ana akadakhala m'katimo, nkhani ikadakhala ina. Sadauze munthu. Adangoti galimotoyo isamayende migolo ili yodzadza.

Chachiwiri chidabwera ndi kutentha kwa Okutobala. Madzi a mumgolo wa padenga, amene ankakhala padzuwa tsiku lonse, adayamba kununkha ngati penti, ndipo fungolo silidachoke ngakhale adatsuka katatu. Mumgolo wotsegula uja aliyense ankaviikamo kapu kapena poto, ngakhalenso manja a ana ochokera kosewera. Usiku wina mwana wamng'ono, wa zaka zitatu, adayamba kutsegula m'mimba ndi kusanza. Makolowo adachita mantha aakulu, chifukwa adali asadaiwale kolera imene idapha anthu oposa 20 ku Hammanskraal, kumpoto kwa Pretoria, mu 2023, komanso imene idapha anthu oposa 1,700 ku Malawi pakati pa 2022 ndi 2023. Kuchipatala adapeza kuti sidali kolera, ndipo mwanayo adachira atamwetsedwa madzi a mchere ndi shuga. Funso loyamba la namwino lidali lakuti madzi akumwa amawasunga motani.

Pobwerera, mayiyo adalankhula mosakweza mawu. "Bambo a ana, madzi mwatibweretsera ambiri, ndathokoza. Koma ine ndiwabwerera a pamzere aja. Kuli bwino nditaye ganyu kusiyana ndi kutaya mwana."

Safunsa adadya phula. Bamboyu adakwera minibasi kukaona atsibweni ake ku Germiston, mkulu amene adayendetsa mathiraki pakati pa Joni ndi Blantyre kwa zaka zambiri. Atsibweniwo adamvetsera nkhani yonse osamudula, kenaka adafunsa kuti, "Mphwanga, usadanyamule madziwo, kodi udaifunsa galimotoyo kuti ingathe zingati?" Adamukumbutsa chinthu chimene mwana wa sukulu amachidziwa koma mmisiri adachiiwala: lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Migolo iwiri ija pamodzi ndi thanki yakale zidali makilogalamu 480, kuposa matumba asanu ndi anayi a chimanga, ndipo pafupifupi theka lake lidali padenga.

Galimoto iliyonse ili ndi kachitsulo kolembedwa, nthawi zambiri pafupi ndi chitseko kapena injini, kosonyeza kulemera kumene siyenera kupyola itasenza zonse. Ya bamboyu idalembedwa makilogalamu 3,500. Adapita nayo pasikelo ya ogula zitsulo zakale, banja lonse lili m'kati pamodzi ndi katundu ndi makina owotcherera, koma matanki ali opanda madzi. Sikelo idaonetsa 3,180. Malo otsala adali makilogalamu 320 basi, ndipo tsiku lija la pamphambano adali atapyola ndi makilogalamu oposa 100.

Apa ndipo padayambira ntchito yeniyeni, ndipo idayamba ndi pensulo. Akatswiri a zaumoyo amati munthu amafunika malita osachepera 20 patsiku kuti amwe, aphike ndi kudzisamalira, ndipo mabungwe othandiza pa nthawi ya ngozi amawerengera malita 15. Anthu anayi ndiye kuti malita 80 patsiku, kapena 60 pamene zinthu zathina. Mayi uja, amene amakumbukira bwino za mpope kuposa wina aliyense, adati kawirikawiri umauma masiku awiri kapena atatu. Choncho chimene ankafuna chidali madzi a masiku atatu, malita 240, ndipo nambala imeneyi inkalowa bwino m'makilogalamu 320 aja.

Migolo ya kwa ogulitsa zakale adaichotsa. Pulasitiki imamwa mankhwala amene adakhalamo, ndipo sopo sangawachotse onse. Wa padenga uja adauboola pansi ndi kudzalamo mpiru. Kenaka adagona chagada pansi pa galimoto ndi tepi m'manja, ndipo adapeza mpata pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo, mbali yosiyana ndi imene kuli thanki yakale, kutali ndi paipi yotulutsa utsi. Mpatawo udali masentimita 100 m'litali, 50 m'lifupi ndi 30 msinkhu. Kuchulukitsa manambala atatuwa ndi kugawa ndi 1,000 kumapereka malita, ndipo apa adakwana 150. Adagula thanki yatsopano ya pulasitiki yopangidwira madzi akumwa, ya mtundu wakuda kuti kuwala kusalowe, popeza ndere zimamera pamene pali kuwala. Adasankha yokhala ndi timakoma tobooka m'kati, timene timaletsa madzi kuthamangira mbali imodzi galimoto ikamakhota kapena ikamaima.

Luso lake lowotcherera lidagwira ntchito pamene liyenera. Adapanga chitsulo chogonekapo thankiyo ndi kuchimanga ndi mabawuti kuzitsulo zikuluzikulu za pansi pa galimoto, ataika mphira pakati kuti pulasitiki isaperepeseke. Adaika kapaipi kopumira pamwamba, kotchinga ndi kaukonde kuti tizilombo tisalowe, chifukwa thanki yosapuma imavuta kudzadza ndipo imafwamphuka madzi akamapopedwa. Pansi penipeni adaikapo kampopi kokhuthulira, ndipo pamwamba pali chivundikiro chokwana mkono kuti azitha kutsuka m'kati. Matanki awiriwo sadawalumikize mwachindunji. Iliyonse ili ndi chotsekera chake, kuti imodzi ikabooka inayo isaphwe nayo limodzi, komanso kuti paulendo azidzadza imodzi mpaka pakamwa ndi kusiya inayo yopanda kanthu, m'malo moyenda ndi ziwiri zatheka zimene madzi ake amangowinduka.

Madzi akumwa adawapatula. Amakhala m'zigubu ziwiri za malita 25, za kukamwa kochepa koti dzanja silingalowe, zokhala ndi kampopi kunsi, zomangidwa ndi lamba pansi pa bedi. Pamodzi zonse ndi malita 260. Powonjezera kulemera kwa thanki ndi zitsulo zake, adakali pansi pa malire.

Ukhondo wa madziwo uli m'manja mwa mayi. Madzi a mumpope amabwera ndi kolorini, koma mphamvu yake imatha akakhalitsa, makamaka potentha. Choncho madzi a m'matanki sakhala kupyola sabata. Akatsala amachapira zovala ndi kudzadza ena. Paipi yodzadzira ili ndi thumba lake ndipo sigona pansi. Madzi akakhala ochokera kugalimoto yogawa kapena kwina kokayikitsa, amatsata malangizo a zaumoyo a m'dzikomo: supuni yaing'ono imodzi ya mankhwala oyeretsera zovala a kolorini, opanda fungo lowonjezera, m'chigubu cha malita 25, ndi kudikira maola osachepera awiri, makamaka usiku wonse. Ndi nzeru yomwe ija ya WaterGuard imene ambiri akuidziwa kumudzi. A mwana wamng'ono amawawiritsa. Miyezi itatu iliyonse matanki amakhuthulidwa ndi kutsukidwa.

Atsibweni aja adaonjezera mfundo ina: madzi ogwiritsa ntchito galimoto ili chiimire alibe chifukwa chokwerera galimoto. Bamboyu adagula mgolo watsopano wa malita 210, wotseka, ndi kuukhazika pa njerwa mumthunzi wa mpanda. Mgolo umenewu ndiwo udabweretsa funso limene pensulo sikadatha kuliyankha.

Mpope utauma kachiwirinso, dera lonse lidali pamzere, koma kuseri kwa mpanda uja kudali zovala zoyanika. Bamboyu adafuna kuti zichotsedwe msanga. Munthu amene adaona za 2008 amadziwa kuti mlendo wokhala ndi chinthu chimene eni dera alibe amagona khutu limodzi lili kunja. Mkazi wake adaona mosiyana. Adati madzi sabisika, ana osamba amaoneka ndi maso, ndipo wobisa ndiye amakwiyitsa anthu kuposa wogawa. Madzulo omwewo padafika gogo wina wa m'fakitale yoyandikana nayo, amene akulera zidzukulu zitatu, ali ndi botolo la malita awiri m'manja. Mayiyo adalandira botololo ndi manja awiri, nati, "Agogo, limeneli lichepa. Tumizani mwana abwere ndi ndowa."

Adagwirizana lamulo losavuta. Madzi a m'galimoto ndi a banja. A mumgolo wa pansi ndi a nyumba zimene muli khanda, wodwala kapena wokalamba, malita khumi patsiku. Si onse adakondwa. Ena adanyoza, ndipo usiku wina kampopi ka mgolowo kadabedwa. Koma kuyambira pamenepo galimoto yogawa madzi ikangotulukira pamsewu, mdzukulu wa gogo uja amathamanga kudzagogoda pageti. Patapita miyezi, mabanja asanu a m'fakitalemo adachita chipereganyu ndi kugula thanki yawo ya malita 1,000, ndipo amene adawotcherera chokhazikapo chake ndi mmisiri wa ku Thyolo yemweyo. Kupatsa nkuika.

Mu Disembala wa chaka chotsatira banjali lidapita kumudzi pa galimoto yomweyo, kudzera ku Beitbridge, Masvingo, Harare, Nyamapanda, Tete ndi Mwanza. Popeza adanyamula katundu wa abale, thanki yaikulu idayenda yopanda madzi, ndipo adadzadza yaing'ono ndi zigubu ziwiri zija. Pachipata cha Beitbridge adadikira usiku wonse, ndipo m'chigwa cha Zambezi, kumene kutentha kumapyola madigiri 40, ana adamwa ndi kupukutidwa ndi nsalu yonyowa popanda kugula botolo ndi limodzi lomwe.

Kumudzi adapeza mayi ake akutsikirabe kumjigo wa kumunsi kwa phiri, mvula ikukhuthuka padenga la malata ndi kukumba ngalande pabwalo. Adatulutsanso pensulo. Milimita imodzi ya mvula ikagwa pamalo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi imapereka lita imodzi. Denga la mayi ake ndi la mamita 6 kwa 5, choncho mvula ya mamilimita 20 imagwetsapo malita 600. Adakhoma ngalande ya malata m'mphepete mwa denga ndi kuilozetsa mumgolo wotseka wokhala ndi kampopi, wokhazikika pa maziko a njerwa olimba, popeza nawonso ngolemera ngati matumba anayi a chimanga. Adawauza kuti madzi oyamba kugwa aziwasiya atayike kaye, chifukwa amatsuka fumbi ndi zitosi za mbalame, kuti pakamwa pa mgolo pazikhala kaukonde kuti udzudzu usaswane, ndiponso kuti akumwa azithira mankhwala kapena kuwiritsa. Mayiwo adaseka, nati, "Mwana wanga, zaka zonsezi ku Joni udapita kukaphunzira kutunga madzi?"

Tsopano banjali lidabwerera kuseri kwa mpanda ku Marlboro. Mpope umabwera ndi kupita monga mwa nthawi zonse, ndipo malowo si awo, moti tsiku lina akhoza kuuzidwa kuti achoke. Mwana wamkulu, wa zaka zisanu ndi zinayi, ndiye wapatsidwa udindo wolemba tsiku lodzadzira pa kakatoni kamene kamamatidwa kuchitseko cha kabati. Masiku ena amadzuka limodzi ndi bambo ake, kugwada pa simenti yozizira ndi kugogoda thanki, ndipo waphunzira kale kusiyanitsa kulira kwa malita 150 ndi kwa malita 50.